Anambewe Anadikira Foni ya Kuchipatala

Mayi Jessie Nambewe anabadwira ku Kabudula m'chaka cha 1951. Sukulu analekezera Sitandade 4 kuti alere azing'ono awo, mayi awo atamwalira. Bambo Henderson anawatenga chitengwa kubwera nawo kuno ku Nsaru, ndipo mpingo wathu unawadziwira pamenepo. Zaka makumi anayi anasesa tchalitchi Loweruka lililonse. Analowa Chigwirizano, analera ana awo anayi ndi amasiye awiri. Amuna awo atamwalira anasiya kulima fodya nalimbikira mtedza, osadandaula. Mawu awo anali amodzi: "Akakuitana, pita. Akati dikira, dikira."

M'chaka cha 2015 anayamba kuona magazi akapita kuchimbudzi. Mwana wawo Lydia anawatengera kuchipatala china m'tauni. Kumeneko anawalowetsa kapaipi ka kamera m'matumbo, napeza tizotupa titatu, natichotsa.

"Amayi, mwachita mwayi," anatero adokotala. "Koma timeneti timameranso, ndipo tikalekerera timasanduka khansa. Pakatha zaka zitatu tidzakuunikaninso. Siyani nambala, tidzakuimbirani."

M'buku lawo la kuchipatala sanalembemo tsiku. Lydia anawapatsa foni yake, nambala n'kulembetsa.

Foni imeneyo tonse tikuidziwa. Inkakhala yomangidwa pangodya ya chitenje, kumunda, kumaliro, ngakhale pa Mgonero. Kawiri pa sabata ankayenda wapansi kukaitchajitsa pa Nsaru. Itatha mabatani anagula ina, koma nambala anakana kusintha.

Zaka zitatu zinakwana, foni zii. Anafunsa kuchipatala chaching'ono kumene ankalandira mankhwala a BP.

"Pakupweteka, agogo?"

"Ayi."

"Ndiye mukufunanji? Akakufunani akuimbirani. Wotsatira!"

Chaka chinacho anafunsanso, yankho lomwelo. Lydia anatopa nazo. "Amayi, tiyeni tingopita kutauniko."

"Iwe, munthu wophunzira ananena yekha kuti adzaimba. Ndipite ndikamuyese wabodza pamaso pake?"

Mu 2023 anayamba kuwonda, magazi aja anabwerera. Kutauni anawaunikanso ndi kapaipi kaja. Inali khansa, itafalikira kale. Dokotala amene anawapeza, wina osati woyamba uja, anapukusa mutu.

"Agogo, munali kuti zaka zonsezi? Mumayenera kubwera 2018. Anthu akumudzi inu mumakonda kuchedwa."

Anambewe anamasula ngodya ya chitenje, naika foni patebulo.

"Ndinali pomwepa, adokotala. Nambala ndi yomwe ija."

Adokotala anatsegula faelo yawo. Nambala inalimo, yolembedwa bwinobwino. Palibe anaimba, palibenso anapepesa.

Tisanamizane, zinawapweteka. Abusa atapita kukawazonda, Anambewe sanazungulire.

"Kukhululuka ndakhululuka, abusa, poti Ambuye analamula. Koma pa maliro anga musakanene kuti nthawi inangokwana. Ndinachita zimene anandiuza. Iwo ndiwo sanachite zawo."

Atalephera kuyenda, amayi a Chigwirizano ankasonkhana pakhonde pawo Lachinayi. Anambewe anawalamula kuti aliyense azibwera ndi buku lake la kuchipatala pamodzi ndi Baibulo. Akatha mapemphero, Lydia ankawerenga mabuku aja tsamba ndi tsamba. Amayi atatu anapezeka kuti anauzidwa kudzabweranso koma tsiku silinalembedwe. Anambewe anawathamangitsira kuchipatala sabata yomweyo.

"Mawu anga aja ndawakonza," ankatero. "Womudikira osafunsa ndi Mulungu yekha. Adokotala muziwauza alembe tsiku, inu mukuona. Likakwana, nyamukani."

Anamwalira m'mawa wa Lachiwiri, mwezi wa Juni 2024, amayi akuimba nyimbo imene anasankha okha. Ululu unali utaleka. Asanatseke maso anaitana mwana wawo.

"Lydia, izimitse foniyo. Amene ndikumudikira tsopano sanama."

Abusa anasunga pempho lawo pa maliro. Mabuku tikuwerengabe Lachinayi lililonse, ndipo amene sanabweretse lake abwere nalo. Koma Lydia sanamvere mayi ake pa chinthu chimodzi. Foni ija akuitchajabe. Mpaka lero akuchipatala sanaimbe.