Magalasi a mayi Veturia

Abusa a Traian andipempha kuti ndilembe za moyo wa mayi Veturia Bodea m'kalata ya mpingo ya mwezi uno. Ine si mlembi, ndipo zochapa zikundidikira, ndiye ndingonena zomwe ndikudziwa. Zina mpaka lero zikundizunguza mutu.

Anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi mzinda wa Arad, ndipo ubwana wawo wonse unathera poweta atsekwe. Anabatizidwa ali mtsikana, nthawi ya Chikomyunizimu, pamene kupemphera kunkachotsetsa anthu ntchito. Amuna awo, a Gligor, ankabwera ndi Mabaibulo mozemba, iwo n'kumawabisa pansi pa mgolo wa kabichi wamchere. A Gligor anamwalira msanga, mwana sanasiye. Mayiwa anakolopa m'tchalitchi muno zaka makumi atatu. Ndime zambiri ankazinena pamtima, ndipo ankakonda kunena kuti, "Mawu a Mulungu malo ake ndi pakamwa, osati m'kabati."

Ine ndinawadziwa bwino zaka zisanu zapitazo. Mwana wanga Sanda khanda lake linamwalira lili ndi milungu itatu, iye n'kusiyiratu kuyankhula. Miyezi inayi akungoyang'ana khoma. Mankhwala a dokotala ankamwa, koma pakamwa pali gwa. Ndinkaopa kuti ndikumbitsa manda achiwiri.

Abusa anali atangobwera kumaphunziro a uphungu wa m'Baibulo. Anati pakufunika masiku atatu, m'mawa mpaka madzulo: iwo, akazi awo, Sanda ndi Baibulo. Lamulo lake ndi loti wovutikayo azibwera ndi womuperekeza wa mumpingo, amene amamva zonse, kenaka n'kumamuyendera mlungu uliwonse kukaona kope lomwe akulembamo ndime ya tsikulo ndi zomwe mtima wake wayankha. Ndinati ndipita ndine.

"Mayi Rodica," anatero abusa, "inu mumayankha mafunso ofunsidwa anthu ena."

Sananame. Anasankha mayi Veturia.

Masiku atatu aja atatha, Sanda anabwera ali duu, kope m'manja. Ndinati basi, tataya nthawi. Koma kulemba ankalemba. Lachinayi masana mayi Veturia anafika, n'kukhala m'khitchini, n'kutsegula kope, n'kuyamba kufufuza m'matumba.

"Aa, magalasi ndaiwala. Tandiwerengera, mwanawe."

Sanda zii.

"Ndidikira. Rodica, bweretsa mbatata ndizisenda, usangoima ngati mtengo wa magetsi."

Anasenda theka la ndowa. Kenaka ndinamva mawu a Sanda, omwe ndinali nditayamba kuwaiwala: "Lolemba. Ndamukwiyira Mulungu."

"Kweza mawu, akumve bwino," anatero mayiwo. "Nanga Lachiwiri?"

Mlungu wotsatira magalasi anaiwalanso. Winawonso chimodzimodzi.

"Mayi inu, tiwamangirire m'khosi ngati belu la mbuzi?" ndinawafunsa.

"Iwe phika. Pakamwa pakopo supu ikupserera."

Zaka ziwiri zinatha choncho. Sanda anabwerera kuntchito, lero ali ndi kamtsikana kosagwirika.

Mwezi watha, Lachitatu masana, mayi Veturia anatisiya ali pampando pakhomo pawo, mbale ya nyemba ili pamiyendo. Titawaveka, ndinati magalasi aja ulendo uno asawaiwale. Ndinasanthula nyumba yonse, osawapeza. Akulu awo, a Floare, anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Magalasi ati? Veturia ankalowetsa ulusi m'singano kamodzi n'kamodzi. Sukulu ndiye sanapondeko. Ngakhale dzina lake litalembedwa sakanalizindikira."

Ndinapita kwa abusa. "Munkadziwa?"

Anakhala pansi. "Ine ndinawapatsa buku la malangizo la masamba makumi anayi. Anathokoza kwambiri."

"Ndiye linali bodza? Lachinayi lililonse, m'nyumba mwanga, mayi wopemphera uja?"

Anatsegula Baibulo, n'kulitsekanso.

Kunyumba ndinauza Sanda. Sanadabwe n'komwe.

"Ndinadziwa mlungu wachitatu, amayi. Kope analigwira mozondotsa."

"Osanena bwanji?"

"Akanachita manyazi, osabweranso. Ndiye ndinkangowerenga."

Tsono ndani ankasamala mnzake pamenepa? Anachiritsa mwana wanga ndi masiku atatu aja, mankhwala, kapena mbatata? Sindikudziwa, abale. Abusa akuti ndimalize ndi chitsanzo chomwe mayiwa atisiyira. Kunama musamaname, zimenezo ndiye ndikudziwa.

Koma lero ndi Lachinayi. Sanda wapita kukaona kope la mayi wina wamasiye yemwe abusa amupatsa kuti azimuperekeza. Sanda wanga popanda magalasi sawerenga ngakhale nambala ya basi. Magalasiwo ali pano, patebulo, pafupi ndi mchere. Ndinawaona asanatuluke pageti, ndipo sindinamuitane.