Thumba limene ndinalimangirira ku bwato

Munali mu 1953, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Njala imene inagwa zaka zinayi m'mbuyomo inali itandiphunzitsa chinthu chimodzi: mwamuna asagone wopanda mbewu m'nyumba. Choncho mvula ili pafupi ndinanyamuka pa Kachulu ndi mkazi wanga, khanda lili kumsana, kupita pa bwato ku chilumba cha Chisi kwa amalume kukatenga mbewu ya mpunga.

Ndinakonzeka mokwanira. Ming'alu ya bwato ndinaimata, ndinatenga nsungwi ziwiri zokankhira ndi chipande chokapira madzi. Titatenga mbewu, matumba anali awiri, koma chingwe chinangokwanira limodzi, ndipo limenelo ndinalimangirira ku bwato.

Amalume anali mkulu wa mpingo. Pobwerera anatiimika padoko kuti atipempherere. Pemphero linatalika, anatchula ndi odwala a kumidzi ina. Ine maso anali ku mitambo ya kum'mawa. Atati ameni ndinawauza kuti Mulungu anapatsa munthu mutu kuti azinyamuka nthawi ikadalipo. Anangoyankha kuti mutuwo ndiusenze bwino, koma nyanja ili ndi mwini wake.

Chimphepo chinatipeza titapitirira pakati. Mvula inatseka maso, mtunda osaoneka. Mkazi wanga ankakapa madzi, ine ndikulimbana ndi nsungwi mpaka inathyoka. Ndisanagwire inzake, funde linatigadabuza.

Kusambira ndinkadziwa. Mkazi wanga ayi. Ndinavuuka, kuyang'ana uku ndi uku, osamuona. Ndinamira ndikupapasa, ndinagwira matope okha. Pamenepo nzeru zinandithera. Ndinati Ambuye, mbewu tengani, mundisiyire awiriwa. Ndilo pemphero lalifupi koposa limene ndinapempherapo, ndipo sindichita nalo manyazi.

Kenaka ndinamva kulira kwa khanda kuseri kwa bwato. Ndinasambira molimba kuzungulira. Mkazi wanga anali chiimire, madzi akumulekeza m'chifuwa, mwana atamukweza paphewa.

"Bambo a mwana, mukusambirira chiyani? Taimirirani."

Ndinaponda pansi. Matope anandimeza mpaka m'mawondo, koma mutu unali kunja. Mphepo ija inali itatikankhira kufupi ndi bango ife osadziwa. Ndinaseka, ngakhale sindine munthu woseka.

Mvula itakata tinatembenuza bwato, thumba lomangirira lija lili lende m'madzi. Asodzi ena anatithandiza kufika padoko. Mbewu yonyowa sidikira, choncho m'mawa mwake tinaifesa, ndipo inamera bwino.

Nkhani itafika ku Chisi, amalume anatumiza mawu akuti pemphero lawo ndilo linatiika posaya. Ine ndinabweza akuti likanafupika tikanafika ouma. Mpaka anamwalira sitinagwirizane. Chingwe ndinamanga ndine. Pansi poponda sindinaikepo ine. Pamenepo ndimalekera.

Tinataya thumba limodzi la mbewu, nsungwi zonse ziwiri, chipande, nkhuku imene anatipatsa amalume, ndi mpango wa mkazi wanga. Munthu sitinataye.