Mtsinje unasuntha, nyumba ya Tumpale sinasunthe

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, bambo atangowasamutsa kuchokera ku Dedza kukagwira ntchito yaupolisi pachipata cha Songwe. Ndinayamba sukulu ku Iponga ndikudzitama kuti pa mpikisano wothamanga palibe angandipose. Matama onsewo anathera pa Tumpale.

Tumpale anali mtsikana wowonda, wosalankhulalankhula. Ankafika m'kalasi miyendo ili matope okhaokha, chifukwa m'mawa uliwonse ankawoloka Songwe yunifolomu ataisenza pamutu. Zaka ziwiri m'mbuyomo madzi osefukira anapatutsa mtsinjewo, n'kusiya nyumba yawo ndi manda a agogo ake kutsidya la Tanzania. Aliyense ankadziwa zimenezi, ndipo palibe ankaziona ngati nkhani.

Pa mpikisano wa boma lonse ku Karonga, wopambana yekha ndiye ankapita ku Mzuzu. Dzuwa linaswa mtengo tsikulo, mchenga ukuotcha kumapazi. Ndinathamanga mpaka kumva kukoma kwa magazi kukhosi, koma chimene ndinaona ndi zidendene za Tumpale basi. Ndinakhala wachiwiri.

Nsanje inandidya. Pofika kunyumba ndinauza bambo ndikulira kuti wandiposa ndi mwana wogona ku Tanzania. Iwo anakaitula nkhaniyo kwa akuluakulu a mpikisano, ndipo Lolemba anatiitanitsa tonse awiri ku ofesi ya ahedi.

"Iwe mtsikana, umagona mbali iti ya mtsinje?" anafunsa mkulu wina wochokera kuboma.

"Nyumba yathu sinasunthe, sala," anayankha Tumpale m'Chichewa chake chokoka cha Chinkhonde. "Unasuntha ndi mtsinje."

Mkuluyo anadula dzina lake ndi cholembera chofiira, n'kulemba langa. Tumpale sanalire. Tsiku lonyamuka anabwera pamsewu pomwe ndinkadikira basi.

"Esinati, umayamba ndi liwiro kwambiri," anatero. "Mpweya uziusungira kumapeto."

Manyazi anandigwira moti sindinamuyang'ane kumaso. Ku Mzuzu ndinaiwala malangizo akewo, ndipo ndinakhala womaliza. Nditabwerera ndinkamuzemba.

Chaka chotsatira anathamanganso, anapambananso, ndipo anamudulanso, chifukwa mbiri yoti ndi wakutsidya inali itamatirira kale pa dzina lake. Ku Tanzania nakonso ankamutcha Mmalawi. Komabe pomwe banja lathu linkasamuka ku Songwe n'kuti akuzungulirabe bwalo la sukulu yekhayekha tikaweruka, wopanda nsapato.

Chaka chatha ndinadutsa pa Songwe pochokera kokagula nsalu za geni yanga. Pakati pa amayi osenzera anthu katundu pamlatho panali Tumpale, mtolo waukulu uli pamutu, akuyenda mwachangu kuposa anzake onse. Anandizindikira ndisanabisale.

"Esinati, sunandiuze mpaka lero. Unakhala nambala chani ku Mzuzu?"

"Womaliza," ndinayankha.

"Pole," anandipepesa m'Chiswahili. "Unayamba ndi liwiro, eti?"

Anakonza nkhata n'kupitirira. Ndinafuna kupepesa, koma ndinangomuyang'ana akupita.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti munthu wolimba mtima amapeza njira pamapeto pake. Tsopano ndikudziwa kuti si zoona. Sindinaonepo munthu wolimba ngati Tumpale, koma kulimbako kwangomuthandiza kusenza mitolo ya ena. Mwayi wake unali umodzi wokha, ndipo ndinautenga ine n'kukautaya ku Mzuzu.