Nzimbe zoyera za amayi

Ndinapita ku chitengwa ku Zemba m'zaka za m'ma 1950, mvula yoyamba itangogwa. Ndinanyamula mtsuko, nsalu ziwiri ndi nsonga zisanu za nzimbe zomwe amayi anandidulira m'dimba lawo ku Mlolo. Zinali nzimbe zoyera, zonenepa, zofewa moti ngakhale wopanda mano ankalimbana nazo. Vuto lake linali limodzi: zinkamwa madzi ngati ng'ombe. Kwathu zimenezo sizinkatidetsa nkhawa, chifukwa dimba linali m'mphepete mwa mtsinje.

Ku Zemba dambo linkauma msanga. Anthu akumeneko ankadzala nzimbe zofiira, zowonda, za mfundo zoyandikana, zomwe zinkapirira chilimwe chonse popanda wozithirira. Ndinalawako kamodzi, nsagwada zinandiwawa masiku awiri.

Amuna anga anakhala nane miyezi inayi basi, n'kupita ku migodi, ine ndili ndi pakati. Nthawi yokolola amayi anamwalira, ndipo amalume anazula nzimbe zonse m'dimba lija nadzalamo fodya. Mbewu ya amayi inatsala kwa ine ndekha, komanso mwa nsonga zisanu zija zinagwira zitatu zokha.

Akazi a m'mudzimo anali pachibale okhaokha. Sankandida ayi, koma nkhani zawo zinali za anthu omwe ine sindinkawadziwa, ndiye ndinkangoseka nawo mochedwa. Ndinkasungulumwa kwambiri. Chilimwe chitafika ndinkatunga mitsuko isanu ndi umodzi pachitsime m'mawa uliwonse anthu asanadzuke, n'kumathirira nzimbe zanga, iwiriiwiri pa phando lililonse, mimba ili patsogolo. Ndinkangodikira mvula kuti ndidule nsonga ndichulukitse mbewu.

Mwana anabadwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinalowa m'chikuta, momwe mayi satuluka mpaka mchombo wa mwana utagwa. Tsiku loyamba lomwelo ndinapempha apongozi anga aakazi.

"Amayi, nzimbe zanga zija muzikazionako."

"Musadandaule, mwana wanga. Ndizipitako tsiku lililonse."

Mchombo unagwa, koma malungo anandigwira, ndipo ndinagona milungu ina itatu. Nditangopeza mphamvu ndinabereka mwana n'kutsetserekera kudimba.

Ndinapeza mpanda wokonzedwa bwino, mbuzi sikanalowa. Pansi panali popalira, popanda udzu ngakhale umodzi. Koma nthaka inali itang'ambika, masamba atauma gwa. Nditagwira nzimbe imodzi inangothyoka, m'kati muli dothi lokhalokha. Chiswe chinali chitalowa m'mapando onse atatu mpaka kumizu.

Apongozi anandipeza nditakhala pansi.

"Amayi, kodi munkathirira?"

"Kuthirira nzimbe?" Anandiyang'ana modabwa zenizeni. "Nzimbe amathirira ngati mpiru? Ine chibadwire sindinaonepo."

Sananame, ndipo sanaphonye tsiku ngakhale limodzi. Ine ndinati muzikaziona, iwo anakazionadi. Mtima unandiwawa, koma ndinasowa woti ndimukwiyire.

Madzulo ake anandibweretsera mtolo wa nsonga zofiira, zosankha bwino, nati, "Izi sizidzakuvutitsani." Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza, ndipo mvula itagwa ndinadzala.

Pa maliro a amayi sindinalire kwambiri, anthu mpaka anandinena. Ndinalira tsiku lodzala nzimbe zofiiralo, ndekha m'dimba, mwana ali kumsana.