Tadala anatsalira kumbuyo

Tsiku limene ndinkakwera ndege pa Chileka, mlamu wanga anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Nachisale, kumene mukupitako musakapereke msana kwa munthu, ngakhale wa kwanu." Mawu amenewo ndawasunga zaka zonsezi ngati chiphaso. Inu amene mumawerenga ndemanga zangazi mumandidziwa: m'basi ndimakhala pampando wakumbuyo kwenikweni kuti ndizionetsetsa aliyense wokwera.

Lachitatu lapitali ndinapita kukaonerera mpira. Musaseke.

Mdzukulu wanga Tadala amasewera m'timu ya atsikana ya pakoleji pawo kuno ku Bolton. Ndi wotchinga kumbuyo, ndipo ntchito imeneyo ndimaivomereza. Chichokereni amayi ake kukagwira ntchito kuchipatala cha ku Middlesbrough, ndi iye yekha amene amalowa m'nyumba mwanga. Amabwera Lamulungu lililonse, ndipo kwa mwezi wathunthu nkhani yake yakhala imodzi: masewero anayi osagoletsedwa ngakhale chigoli chimodzi.

Ndinamufunsa kuti, "Mwasewera ndi ndani?" Atatchula matimuwo ndinangoti, "Iwe, mpanda sautama kwa nkhuku. Dikira ng'ombe zibwere."

Ng'ombezo zinabweradi Lachitatu, kuchokera ku Manchester. Atsikana ataliatali, miyendo ngati mitengo ya bulugamu, akutsika basi osaseka ndi munthu.

Ndinaima m'mbali mwa bwalo, mvula ikuwaza, ambulera m'manja. Pafupi nane panali a Gondwe, namwino amene mwana wawo Wezi ndiye amagwira pagolo. Anandipatsa moni mwaulemu n'kundilozera mpando wopinda umene anabweretsa. Ndinakana. Munthu akakupatsa mpando, mawa adzafuna kudziwa kumene umagona.

Tsono ndikuuzeni zimene ndinaona, poti kuona ndiye ntchito yanga.

Chigawo choyamba ana athu analimba. Mipira yam'mwamba ankaibweza ndi mitu, makona ankawachotsa, Wezi anagwira mpira wina umene ine ndinali nditawerengera kale kuti walowa. Koma pali njira ina imene mphunzitsi wawo anawaphunzitsa. Otchinga anayi aja amaima pamzere umodzi. Wina akakuwa, onse amathamangira kutsogolo pamodzi, mdani n'kutsala yekha kumbuyo kwawo, woyimbira n'kuliza wezulo kuti ofusayidi. Njirayi ndi yabwino, koma mmodzi yekha akatsalira, msampha wonse waphwasuka.

Chigawo chachiwiri, mtsikana wa pakati anakuwa. Atatu anathamanga. Tadala wanga anatsalira. Chigoli.

Patapita kanthawi, chimodzimodzi. Kachitatu ndinatseka maso, ndinangomva anthu a ku Manchester akukuwa. Mphunzitsi anamutulutsa m'bwalo, anakakhala pabenchi atadzifunditsa jekete kumutu.

A Gondwe anati, "Agogo, mwanayu ali ndi liwiro, ali ndi nzeru. Vuto lake sakhulupirira kuti anzake achita mbali yawo."

"Ndiye mumati akhulupirire ana a eni?"

Anangoseka n'kunena kuti galimoto lawo lili ndi malo. Ndinati zikomo, basi ilipo.

Mpira utatha, pasiteji ya basi ndinayamba kumutonthoza Tadala mwanjira yanga. Ndinati, "Unachita bwino kutsala. Bwanji akanapanda kuliza wezulo? Unali wekha woganiza m'bwalo lonse lija."

Mwanayu Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku limenelo anandiyankha m'Chichewa chake chopindikapindika, ndipo n'chifukwa chake zinandilasa.

"Agogo, ndinatsala chifukwa ndinamva mawu anu m'mutu. Ine sindifuna kukhala ngati inu. Inu palibe amakugoletsani, koma palibenso amasewera nanu."

Basi itabwera anakakhala kutsogolo. Ine kumbuyo kwanga kuja.

Ndakhala ndikuganiza sabata yonseyi. Kodi otchinga kumbuyo timawayesa bwanji? Ambiri amawerenga zigoli basi. Ine ndinkati timawayesa akakumana ndi timu yamphamvu, ndipo pamenepo sindinalakwe. Chimene sindinkadziwa n'chakuti timu yamphamvu siyesa miyendo yanu. Imayang'ana pamene simugwirizana, n'kulowera pomwepo. Matimu ofooka aja ankamulola Tadala kugwira ntchito ya anthu anayi yekha, ife n'kumaombera m'manja. Akuluakulu aja atabwera, khama lake lomwelo ndilo linawatsegulira njira.

Nanga ife amene tinabwera kuno tili akuluakulu, sitikusewera chimodzimodzi? Kumapemphero timapatsana moni wa mano okha. Wina akafunsa kuti muli bwanji timati tili bwino, ngakhale bondo likukana masitepe. Timaopa kuti nkhani yathu ikafika pagulu la pafoni, mawa ili ku Lilongwe. Ndipo zimafikadi, musandiuze kuti ayi. Matenda aang'ono timalimbana nawo tokha, n'kumadzitama. Koma tsiku limene matenda aakulu adzatsike basi, tidzakuwira ndani?

Ku Zingwangwa ndinali ndi anzanga atatu a mzere umodzi wa nyumba. Mvula ikayamba ine ndili kumsika, ndinkapeza zovala zanga zitaanulidwa, zitapindidwa, zili pampando. Sindinkafunsa kuti waanula ndani. Mwana wanga akalakwa kumpopi ankadzudzulidwa konko, ine ndinkangomva madzulo. Anthu amenewo ankandinena, inde, ankadziwa ngakhale ndiwo zimene ndagula. Koma Mulungu wanga, ndimawasowa. Ndimasowa ngakhale miseche yawo, chifukwa munthu amene akukunena ndiye kuti wakuona. Awiri anatisiya, wachitatu maso anachita khungu. Kalikokha n'kanyama, anatero akale, ndipo ine ndinkayesa akunena anthu ena.

Lamulungu Tadala sanabwere. Anatumiza uthenga kuti ali ndi anzake a m'timu, akuphunzira kuthamanga pamodzi kuti mphunzitsi amubwezere malo ake. Ndinaika foni pansi n'kuyang'ana mbale ziwiri zimene ndinali nditakonza patebulo. Kuyambira Lachitatu lija mpaka lero, mawu anga sanamvedwe ndi munthu kupatula dalaivala wa basi.

Sindikunena kuti ndasintha. Nkhalamba sisintha ndi zigoli zitatu. Mukabwera ndidzayamba ndasuzumira pakatani wa pazenera, ndidzakufunsani kuti wakutumani ndani, ndipo mwina ndidzanena kuti ndili bwino, palibe chofunika. Musamvere zimenezo. Inu a ku Bolton kuno amene mumadziwa khomo langa, mukamachoka kuntchito kapena kumapemphero, tapatukani mudzandione. Ndikachedwa kutsegula musabwerere. Ndi bondo, ndikubwera.