Mbewu za m'Botolo ndi Madzi a Utoto

Chaka changa chachitatu ku Joni ndinapeza ntchito pa kashedi kena ku Bapong, komwe tinkanyika maovolosi a anthu a m'migodi mu utoto wabuluu kuti azioneka atsopano. Madzi otsala ankakhala bii, ndipo tinkawathira m'thanki kuseri. Mwini shediyo, bambo wamimba amene tonsefe ankatiitana kuti "wena", kutanthauza "iwe", njira yoyenera yoyeretsera madziwo ankaidziwa bwino lomwe. Anandiphunzitsa yekha: uthire mankhwala otchedwa perokisaidi ndi ufa wina wachitsulo, utakase, udikire utotowo usweke matope akhale pansi, uthire laimu, mawa lake ndiye utsegule mpopi. Tinatero miyezi iwiri yokha. Kenako anati kudikira n'kwa anthu opanda chochita, n'kubwera ndi zidebe za klorini wa m'madamu osambira. Ukakhuthulamo chitini chodzaza, buluu yense ankazimirira uli chiimire, madzi n'kukhala mbee. Mpaka lero ndikakumbukira mmene ankawombera m'manja poona zimenezo, mtima umandiwira.

Kumunsi kwa mpanda wathu kunkakhala amayi ena achikulire ochokera ku Tete, amene ankalera zidzukulu mwana wawo ali kumgodi. Anali ndi kadimba kongokwana mphasa zitatu, ka nkhwani ndi therere, ndipo mbewu zake anachita kubwera nazo kuchokera kwawo m'botolo. Chaka chilichonse ankabzala theka, theka n'kusunga, chifukwa madzi a pampopi kumeneko amabwera akafuna okha.

Tsiku lina anandiitana pampanda n'kundifunsa ngati madzi oyera otuluka m'paipi yathuyo angathirire mbewu. Ndinatunga m'manja n'kununkhiza. Fungolo linandikumbutsa kwathu nthawi ya kolera, pamene alangizi a zaumoyo ankayenda ndi klorini khomo ndi khomo, kutiuza kuti madzi onunkha choncho ndiwo abwino, ndiwo omwetsa mwana. Ndinakula ndikuzidziwa zimenezo ngati dzina langa. Sindinaganize n'komwe kuti kwathu ankathira kachivindikiro kamodzi m'ndowa ya madzi a pachitsime, pomwe ine ndinkakhuthula chitini chonse pa utoto. Ndinawauza molimba mtima kuti athirire, mpaka ndinabwereka khasu lawo n'kuwakumbira ngalande, ndikudziona ngati munthu wothandiza kwambiri.

Poona kuti madzi sadzasowanso, amayiwo anabzala mbewu zonse za m'botolo muja.

Zinamera ndithu, koma sabata yachitatu masamba anayamba kupsa m'mbali ngati awauka ndi moto, nthaka n'kuyera pamwamba. Pofika kumapeto kwa mwezi panalibe ngakhale tsinde limodzi lamoyo.

Ndinapita kwa mwini shedi uja n'kumuuza zimene madziwo anachita. Sanadzutse n'komwe mutu pafoni. "Lo manzi yena muhle, wena," anatero m'Chifanakalo chake, chilankhulo cha m'migodi, kutanthauza kuti madziwo ndi abwino. Anati ngati maso sakuona mtundu ndiye kuti palibe mlandu, ndipo ngati ndikufuna kukadandaula kuboma ndipite ndi pasipoti yanga, yomwe ankadziwa kuti masiku ake anatha kalekale. Chimene chinandinyansa n'chakuti iye yemweyo ndi amene anandiphunzitsa kuti kuchoka kwa mtundu si kuchoka kwa poizoni. Ankadziwa, koma anaona kuti kumunsi kwa paipi kukukhala anthu opanda kokadandaula. Ndinamutukwana m'Chichewa mawu amene sindingawalembe pano, iye n'kumangoseka poti sankamva. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinatuluka, ndikudana naye komanso ndikudana ndi mphuno yanga yomwe.

Ndinakwirira ngalande ija, kenako ndinakagwada pakhomo pa amayiwo n'kuwauza kuti Loweruka ndipita ku Rustenburg kukawagulira mbewu zina. Ndinkalakalaka akanandikalipira, koma sanatero. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi botolo lija lili gwaa lopanda kanthu.

"Mwananga, za m'sitolo ndikuzidziwa," anatero. "Zimene zinali umu anandipatsa ndi malemu mayi anga. Tengani botololi, muzitungira madzi anu oyerawo."

Ndinalilandira ndi manja awiri, monga timalandirira chinthu kwa akulu.