Tinatsekera madzi m'khoma

Amuna anga atapeza ntchito pachipatala china ku Indianapolis, ine ndinatsala ku South Bend, mtunda wa maola angapo pagalimoto, ndi mwana wathu wamkazi. Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mwanayo anali atangoyamba sukulu. Tinkaonana Loweruka ndi Lamlungu basi. Lamlungu masana bambo ake akayamba kulongedza chikwama, iye ankapita kukakhalira nsapato zawo pakhomo kuti asavale. Banja lotere linandikwana. Choncho titagula malo ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis, sindinkalota za nyumba yokongola ayi. Ndinkangofuna denga limodzi loti tonse atatu tizidzuka pansi pake.

Nyumba za kuno si za njerwa. Amaimika matabwa, kunja n'kukhoma mabolodi, ndiye pakati pa matabwawo pamatsala mipata. M'mipatamo amaikamo insuleshoni, chinthu chonga thonje la pinki chimene chimatchinga kuzizira, koma chikakukhudza chimayabwa ngati chitedze. Akatero amakuta ndi pulasitiki, kenako n'kutseka ndi mabolodi oyera am'kati. Amisiri anatiimikira matabwa ndi denga, zam'katizo tinati tichita tokha. Amuna anga anaonera mavidiyo mpaka kuyamba kuyankhula ngati mmisiri, ndipo zoona manja awo ndi aluso, pamenepo sindingawanamizire.

Mwana anasankha yekha chipinda chakumpoto, chifukwa pawindo pake pankaoneka mtengo umene agologolo ankathamangitsanamo. Mawindo a mbali imeneyo ndi amene anachedwa kubwera. Chisanu chinatipeza titangotchingapo ndi malona.

Kutchalitchi kwathu ku South Bend kunali mkulu wa mpingo wina, bambo wachikulire amene anakatichingamira kubwalo la ndege titangofika m'dziko muno, n'kutisunga kwawo mpaka tinapeza pokhala. Atamva kuti ntchito yatitsalira yambiri, anaimirira mapemphero atatha n'kulengeza kuti Loweruka lotsatira aliyense wokhala ndi manja awiri apite ku Lawrence kukaika insuleshoni. Anati munthu wakwathu samanga yekha anzake ali phee. Anthu anasinthana mashifiti, ena anapempha tchuthi, amayi anagawana zophika. Ine ndinalira, chifukwa chikondi chotere kuno sichipezeka wamba.

Lachinayi kunagwa mvula yosakanikirana ndi chipale chofewa, ndipo mphepo inang'amba malona onse a kumpoto. Madzi analowa mmene anafunira. Lachisanu kunazizira kwambiri moti zonse zinaundana. Loweruka m'mawa tinalawira ine ndi amuna anga kukakonza malo. Nditagwira thabwa la m'chipinda cha mwana, linali gwa, loterera ndi ayisi. Tinayatsa hita ya gasi kuti alendo asafe ndi chisanu, ndipo posakhalitsa matabwa anayamba kudontha. Pansi pa khoma panakhala chithaphwi.

"Bambo, lero sizitheka," ndinatero. "Tikansele basi. Matabwawa aume kaye."

"Tikansele bwanji, mayi? Anthu ali pamsewu."

"Abwere adye, tipemphere, abwerere. Koma thonjeli lisalowe m'madzi umu."

"Ndiye inuyo mukawauze. Mukawauze bambo aja kuti adiraivira chabe mtunda wonsewu m'chipale."

Iwo ankadziwa kuti sindingathe. Magalimoto anayamba kufika, oyera ndi mchere umene amathira mumsewu kuti ayisi asungunuke, anthu akutsika ndi majekete, magolovesi, mafulasiki a tiyi, mandasi ndi mapoto a mpunga. Mkulu wa mpingo uja anavula chipewa pakhomo, chisanu chonsecho, n'kupempherera nyumbayo. Atati ameni ndinasendera pafupi, ndinapinda mawondo, n'kunena motsitsa mawu kuti matabwa a kumpoto anyowa.

Anapita kukagwira thabwa limodzi, napukuta dzanja pa thalauza, n'kuseka.

"Mwana wanga, musadandaule. Kwathu timakhoma denga ndi mitengo yaiwisi, imaumira pomwepo. Thonjeli limwa lokha timadzi timeneti. Anyamata, tiyeni tifinishe dzuwa lisanalowe."

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anali ataonera mavidiyo onse aja, ankadziwa bwino lomwe kuti khoma la kuno likatsekedwa silipuma. Ndinadikira kuti atsegule pakamwa. Anayang'ana pansi, kenako anati, "Mayi, pitani mukathandize anzanu kuthira tiyi."

Mawu amenewo sanachoke m'makutu mwanga mpaka lero. Ndinapitadi kukathira tiyi, manja akunjenjemera ndi ukali, azimayi anzanga n'kumaganiza kuti ndi chisanu. Wina anandibwereka magolovesi ake.

Ntchito inayenda ndi nyimbo. Kunena zoona, linali tsiku lokoma kwa aliyense kupatula ine. Abambo amene pakati pa sabata amavala majasi oyera m'zipatala ankakandana misana chifukwa cha kuyabwa, akuseka ngati ana. Ena ankadula thonje, ena kulowetsa m'mipata, ena kukoka pulasitiki, sitepula ikulira khakhakha. Pofika masana khoma lonse la kumpoto linali litakutidwa bwinobwino. Nditalowa m'chipinda cha mwana kukatolera makapu, ndinaona timadontho kuseri kwa pulasitiki, ngati pa chivundikiro cha poto. Panja anthu anali akujambulitsa.

Sabata yotsatira mawindo anabwera. Ndinawachonderera amuna anga kuti tisanakhome mabolodi am'kati ting'ambe pulasitiki, titulutse thonje lonyowalo, tiumitse. Anakana. Anati zithunzi zaonetsedwa kale kutchalitchi, ndipo wina akabwera n'kupeza ntchito ya anthu ili m'bini, nkhope yawo adzaiika kuti? Anati nyumba ikayamba kutenthedwa zonse ziuma zokha. Ndinatopa nako kukangana. Mabolodi anakhomedwa, penti inapakidwa, ndipo chipinda cha mwana chinakhala chachikasu monga anafunira mwini wake.

Tinalowamo mitengo ikuphukira. Miyezi yotentha ija ndi imene ndimaisunga mumtima. Ndinapeza ntchito chakufupi, mwana anapeza anzake, ndipo Lamlungu masana panalibe wolongedza chikwama. Ndinadzala chibwabwa kuseri kwa nyumba. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinali wamakani chabe.

Masamba atayamba kuyoyoka tinatseka mawindo, ndiye fungo linayamba. Linali fungo la thumba la chimanga limene lakhalitsa pachinyontho. Ndinachapa makatani, ndinakolopa ndi mankhwala, ndinasuntha bedi, koma silinachoke. Kenako mwana anayamba kutsokomola. Poyamba tinati ndi chimfine cha kusukulu. Chifuwacho chinkachepa tikapita ku South Bend kukacheza, n'kubwerera tikangogona kwathu. Ine ndinaona zimenezo, ndipo ndikukhulupirira kuti bambo ake anaonanso, koma nkhani ya khoma m'nyumba mwathu inali yosatchula.

M'mawa wina ndikumukonzekeretsa kupita kusukulu, anakhala pansi pa masitepe, jekete atavala mkono umodzi. Sanalire. Ankangokoka mpweya, pachifuwa pakulira ngati wezulo, milomo itasintha mtundu, maso ali pa ine. Ntchito yanga yandionetsa anthu ambiri akubanika, choncho ndinaimba foni kuitana ambulansi nthawi yomweyo. Ambulansi inatitengera kuchipatala cha m'tauni, ndipo anagonekedwa kumeneko ndi chipangizo cha mpweya kumaso. Adokotala anati ndi mphumu, kenako anafunsa ngati kunyumba kuli chinyontho kapena nkhungu. Amuna anga anali ataima kumbuyo kwanga. Sindinatembenuke kuti ndiwayang'ane.

Tsiku lomwelo amuna anga anapita okha ku Lawrence n'kudula khoma la chipinda chachikasu chija. Mawa lake ndinapita kukaona. Thonje la pinki linali lakuda bii, lolemera ndi madzi, matabwa apansi atafewa moti chala chinkalowa. Nkhungu inali itayenda khoma lonse la kumpoto mpaka kukwera kudenga. Bedi la mwana wanga linali litatsamira pamenepo miyezi yonseyo.

Ndinkayembekeza kuti ndikalipa mpaka aneba amve. Koma amuna anga anali atagwada m'fumbi, akulongedza zonyansazo m'matumba akuda, misozi ikutsika mpaka kunyowetsa masiki. Ndinangotola zovala za mwana ndi zidole zimene zikanatheka kuchapidwa, n'kutuluka.

Adokotala anatilangiza kuti asagonemonso mpaka zonse zitachotsedwa. Ku Indianapolis tinalibe wina woti n'kutisunga, ndiye ndinabwerera naye ku South Bend, kuntchito yanga yakale ndi kanyumba ka lendi kofanana ndi kaja tinasiya. Bambo ake anatsala m'nyumba yathu yokongolayo okha, akuweruka kuntchito n'kumagumula khoma pang'onopang'ono. Nthawi ino sanapemphe thandizo kwa aliyense. Kutchalitchi anangonena kuti mwana sanazolowere sukulu ya uko, ndipo anandipempha kuti nanenso ndizinena zomwezo.

Ntchitoyo inakoka. Akatsegula pena ankapeza powola pena. Ngakhale atamaliza chipinda chija, mwana akangofika pakhomo la nyumbayo ankagwira pachifuwa n'kufunafuna kampope kake ka mankhwala a mphumu m'thumba. Kaya inali nkhungu yotsalira, kaya mantha, sindikudziwa. Sindinamukakamize kulowa.

Lamlungu lina amuna anga atabwera kudzationa, tinakumana ndi mkulu wa mpingo uja pakhonde la tchalitchi. Anali atakalamba kwambiri, akuyendera ndodo. Anagwira dzanja la amuna anga ndi manja awo onse awiri, nkhope ili ngwee.

"Nanga nyumba yathu ija? Ikufunda bwino?"

"Ikufunda bwino kwambiri, bambo. Munatithandiza zedi."

"Eya! Ndinanena ine kuti ziuma zokha."

Mwana anali ataima pambali panga. Iye sayankhula Chichewa, koma amamva chilichonse. Anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana ine. Ineyo ndinapinda mawondo n'kuthokoza nawo, chifukwa ndi mmene ndinaleredwera. Mkuluyo sindinamusungire chakukhosi, anachita zimene ankadziwa, ndipo anamwalira osadziwa chimene chinali m'khomamo. Amene ndinawakwiyira ndi amuna anga, ndipo mkwiyo umenewo unatenga zaka kuti uzizire.

Masana a tsiku limenelo tinakadyera kunyumba. Titamaliza, bambo ake anayamba kulongedza chikwama kuti abwerere ku Lawrence kusanade. Mwana anadzuka pampando n'kupita pakhomo pamene panali nsapato zawo. Ndinaganiza kuti akazikhalira ngati kale. Anazitola, anabwera nazo n'kuziika pamapazi awo, kenako anabwerera kukaonera TV.